Mpala wa Aphunzitsi

Pa siteji ya basi, bambo wina wometa anthu ankangoseka yekha, pepala lili m'manja. Mayi amene anaima pambali pake analephera kupirira.

"Achimwene, mwatola chiyani?"

"Mayi, taonani! Ndalakwitsa pawiri pokha! Mwezi watha pepala linkabwera lofiira ngati ndapherapo nkhuku."

"Ndi kalata?"

"Ayi, ndi chimangirizo cha Chingerezi. Loweruka ndikulemba mayeso olowera ku koleji. Zaka khumi ndili pa makina ometera, galamala yonse inali itathawa."

"Ndiye amakuchongerani ndani?"

"Aphunzitsi ena opuma ntchito. Tinapangana kuti ine ndiziwameta, iwo azichonga ali pampando. Ndikangozimitsa makina, nawonso amaika cholembera pansi."

"Nanga munthu amameta kangati pamwezi?"

"Awa? Tsiku lililonse! Tsitsi linatha sabata yoyamba. Ndinatsikira ku ndevu, nazonso zinatha. Pano ndimangoyendetsa makina pang'onopang'ono pa mpala, kuti afike ndime yomaliza."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Koma mukakhoze, achimwene! Mukakhoze ndithu, mutu wa bambowo upumeko. Mukalephera, zatsala ndi nsidze!"