Munda wa a Nicanor Wabzalidwa Theka

Malemu amene tikuwaika m'manda lerowa ndi a Nicanor Ruvalcaba Ceja. Anabadwa m'chaka cha 1964 konkuno ku Santa Rita del Llano, m'nyumba ya zidina zosawotcha ili m'mphepete mwa munda ija. Mayi wawo ndine, Eduviges Ceja. Kusukulu sindinapondeko, choncho mawuwa ndi anga koma akukuwerengerani ndi a Melquiades, amene anaimira ana a malemu pa ubatizo. A Melquiades, musadumphe mzere, makutu anga akadali bwino.

Sukulu anayambira pa tchalitchi pomwepa, n'kulekezera kalasi lachisanu ndi chimodzi bambo awo atamwalira. Ndinkawaletsa kudzera kumsewu waukulu chifukwa galimoto siiona mwana. Nthawi imeneyo msewu unali umodzi wokha.

Mu 1987 anamanga ukwati woyera ndi a Hermelinda Plascencia, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Ntchito yawo inali khasu. Ankalima chimanga choyera cha mbewu ya agogo awo, nyemba ndi maungu. Kenaka tauni inayamba kutiyandikira. Anzathu anagulitsa minda mmodzimmodzi, pamene panali chimanga n'kumera nyumba zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Lero munda wathu wazingidwa ndi mpanda wa simenti mbali zitatu.

Boma la chigawo chathu lili ndi ndondomeko yolipira mlimi kuti munda wake ukhale wolima mpaka kalekale, pasadzamangidwe nyumba ngakhale mdzukulu atafuna. Koma munda ukangogonera chaka chimodzi osabzalidwa, amauchotsa pamzere wodikira ndalamazo. Ndalama zake aphungu amagawa mu Disembala, ndipo chaka ndi chaka zinkangokwanira minda yochepa. A Nicanor ankakwera basi ndi anzawo kukakhala pakhomo la nyumba ya aphungu, ngala za chimanga zili m'manja. Ndinkati, “Mwananga, kumeneko amamenya, usakaime kutsogolo.” Iwo ankaseka: “Amayi, inu mukhoza kuchenjeza nsomba kuti isanyowe.” Ankabwerako ndi fumbi lokhalokha, ati tidikire chaka chamawa. Imvi zinawamera akudikira.

Malemu anali Mkatolika, mmodzi wa amuna onyamula chifanizo cha Isidro Woyera, nkhoswe ya alimi, mwezi wa Meyi podalitsa mbewu. Kale ulendo wozungulira minda unkatenga tsiku lonse. Chaka chino tinamaliza kandulo isanafike pakati.

Shuga anawavutitsa nthawi yaitali, kenaka impso. Disembala wathayu aphungu anawonjezera ndalama zija ndipo munda wathu unafikiridwa. Chatsala n'chakuti oyendera a boma abwere mu Julayi kudzaona ngati uli wobiriwira. Adokotala anali atawaletsa kukhala padzuwa. Ine ndinawabisira chipewa kuti asatuluke. Anakabwereka cha a Melquiades omwewa, akuti, “Achimwene, apolisi akunyumba andilanda changa.” Lachiwiri masana anagwa pakati pa mizere atabzala theka la munda. Amwalira Lachinayi kuchipatala.

Tsono ndichenjezeko, poti ndiyo ntchito yanga. Nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonseyo yachokera kwa omanga nyumba. Amene wabwera nayo ndi wa nsapato zonyezimira uyo, ndipo chifikireni sakuchoka pambali pa mdzukulu wanga Fidencio. Dzulo ndinamumva akuti, “Pepani kwambiri, bwana wamng'ono, mtima ukakhala pansi tidzachezeko.” Fidencio, unandiuza kuti, “Agogo, ine ndatopa nazo za mundazi, ndege yanga yobwerera ku California ndi Lamlungu.” Tonse tatopa, mdzukulu wanga. Ine ndinaika mwamuna, lero ndikuika mwana, ndipo miyendo ikukana. Koma munthu wopepesa maso ali kumunda, musamupatse mpando.

Mpongozi wanga Hermelinda anafuna kuika mbewu yotsala m'bokosi kuti amuna awo apite nayo. Ndasiyamo ngala imodzi. Ina yonse ili kunsi kwa bedi langa, ndipo yadalitsidwa kale. Mapemphero a masiku asanu ndi anayi sachitikira kunyumba ayi. Korona tizikapemphera kumunda m'mawa, aliyense ndi khasu lake. Khofi ndi buledi zikakupezani komweko. Valani zipewa, nyamulani madzi, ndipo samalani njoka m'mbali mwa mpandamo.

Malemu asiya mkazi wawo a Hermelinda, ana atatu, Fidencio wa ku California, Maribel ndi Araceli, adzukulu asanu, mlongo wawo a Socorro, ndi ine mayi wawo. Chipewa chija ndinachitulutsa m'mawa uno n'kuchikoleka pamsomali. Ndinaona Fidencio akuchiyesa kuseri kwa chitseko.

Theka lotsalalo tibzala ife. Iwo apumule mu mtendere.