Zomanga Thupi Zapita M'sinki

Abale, taimvani iyi. Bambo wina wokonza mapaipi, mkazi wake amatuluka m'chipatala masana amenewo ndi khanda, ndipo apongozi anali atanena poyera kuti akapeza m'nyumba mulibe chakudya chomanga thupi, mayi ndi mwana awatengera kwawo miyezi itatu. Bamboyo anaitana mlamu wake wogulitsa mankhwala m'sitolo, munthu woti ngakhale botolo la madzi amayamba waliwerenga asanamwe, kuti adzamuthandize kuphika.

"Mlamu, taona chuma ichi," anatero wamapaipi akumenyetsa paketi patebulo. "Manudozi a mphodza! Mayi ako akalawa, atisiya pamtendere."

Mlamu anatembenuza paketi, nakonza magalasi. "Alamu, apa akuti zomanga thupi pafupifupi ziro."

"Ziro ndiwe. Mphodza si nyemba?"

"Ndi nyemba."

"Nyemba sizimanga thupi?"

"Zimamanga. Koma apa akuti amangotenga sitachi wa mphodzayo, zinazo amasiya. Muli zopatsa mphamvu basi. Chabwino chake mulibe tirigu, mafuta ndi ochepa."

"Zolemba zakumbuyo zija amalembera anthu amantha ngati iwe. Wiritsa madzi!"

Mlamu anathira madzi a m'ketulo m'mbale, naikamo manudozi oyera mbee, ouma gwa ngati waya wotsukira mapoto. Kenako anaima njo, maso pawotchi.

"Nanga wauma bwanji?"

"Akuti viikani mphindi zisanu."

"Sungaviike uku ukusenda anyezi?"

"Za anyezi zili pa nambala folo. Tili pa wani."

Wamapaipi anangoti "Mhu!" n'kupita kukayala bedi la mwana. Atabwerako anasuzumira m'sefa, nagwira mutu.

"Mayo ine! Manudozi anga ali kuti?"

"Ndi amenewo."

"Amenewa? Ndikuona mabowo a sefa kudutsa mkati mwake! Anali oyera, mlamu! Kuyera kuja kwapita kuti?"

"Akuti akafewa amaonekera ngati galasi."

"Galasi amadya ndani? Kuyera kuja ndiye kunali mphodzayo! Zomanga thupi zonse zasungunukira m'madzi. Chabwino, palibe chaipa, timumwetsa madziwo. Ali kuti?"

"Nambala thuu. Tayani madzi."

"Wataya?"

"Ndataya."

"Kuti?"

Mlamu analoza sinki ndi chala chimodzi, mwaulemu.

Wamapaipi anayang'ana sinki, anayang'ana mlamu, anayang'ana kudenga. "Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuchotsa zonyansa za anthu m'mapaipi. Lero ndikuchotsamo banja langa. Ndipatse sipanala!"

"Papaketi palibe za sipanala."

"Patse!"

Anagwada, n'kulowetsa mutu ndi mapewa m'kabati ya pansi pa sinki, kunja kutangotsala miyendo. Mawu amatuluka ngati a munthu ali m'mgolo.

"Iwe sudziwa. Pansi apa pali kapaipi kopindika. Madzi omaliza kuthira sapita, amakhala pomwepa. Mphodza yanga ili pano!"

"Zikomo. Alamu, sizasi ili kuti?"

"Sizasi ya chiyani?"

"Nambala fili. Dulani ndi sizasi."

"Ukufuna kumeta chakudya?"

"Akuti apo ayi, chimatalika ngati chingwe choyanikira zovala."

"Zachingwezo ndi zako. Meta!"

Kwee, kwee, sizasi. Kenako furiji inatseguka.

"Ukufunanso chiyani m'menemo?"

"Nambala folo. Kazingani anyezi, adyo, kaloti, kabichi, nyama ya nkhuku ndi mazira, monga pachithunzi."

"Zapachithunzi n'zokongoletsa, mbuli iwe! Nkhukuyo ndi yamawa!"

"Pachithunzi sanalembe kuti mawa."

"Mazira ungotenga awiri!"

"Ndawerenga zidutswa pachithunzi. Ndi anayi."

Mutu unagunda paipi. Gu! "Aaa! Mlamu, achemwali ako ndinawakwatira okha, iwe unabwera ngati banyira!"

Chiwaya chinayamba kulira. Fungo la adyo linadzaza khitchini mpaka kulowa m'kabati momwe munali mwini nyumba.

"Kukununkhira chiyani?"

"Zokongoletsa."

"Mhu. Wathira mchere?"

"Theka la sipuni yaing'ono. Ndasalaza ndi mpeni."

"Onjeza."

"Ayi."

"M'nyumba mwanga muno!"

"Paketi ndi yawo."

Mlamu anathira manudozi m'chiwaya, natakasa. Tizingwe tagalasi tija tinamwa msuzi wonse, n'kusanduka tofiirira, tonyezimira.

"Alamu, akuti paokha alibe kukoma, amangotenga kwa zimene akumana nazo."

"Ngati iwe pamaliro. Bweretsa kapu, msanga!"

Mlamu anapereka kapu yabwino ija, yamaluwa, yosungira alendo. Paipi inati tsegu, madzi anati thoo. Wamapaipi anatuluka chafutambuyo, malaya ali chonyowa, kapu ili m'mwamba ngati wawina chikho.

"Taona! Otuwa! Kutuwaku ndi chiyani ngati si mphodza?"

Mlamu anaweramira kapuyo. "Muli tsamba la tiyi."

"Ndi mavitamini."

"Muli thovu."

"Ndi mphamvu ikuwira."

"Muli kambewu ka tomato, ndi tsitsi limodzi."

"Tsitsilo ndi la m'banja momwemo. Tamvera, mlamu. Akangolowa, usalankhule zambiri. Kapu iyi uike pathireyi, uwapatse achemwali ako, mayi ako akuona. Poyambirira penipeni. Wamva?"

"Poyambirira penipeni."

"Ndipo zankhukuzo uchotse, zikuphimba chakudya chenicheni."

"Nambala faifi ikuti perekani zili zotentha. Kuchotsa palibe."

Asanayankhe, panja panalira hutala. Zitseko za galimoto, kulira kwa khanda, kenako mawu a apongozi pakhonde, aja omveka nyumba zitatu.

Wamapaipi anabisa sipanala kumbuyo, nathamangira pakhomo akumwetulira mano onse. Apongozi anangomudutsa. Anaima pabalaza, mphuno m'mwamba, n'kulondola fungo mpaka pachiwaya. Anatola foloko, nalawa nkhuku. Analawa dzira. Anakoka kachingwe kamodzi, nakayang'ana pawindo, nakameza. Kenako anatula chikwama cha mwana pansi, n'kuuza mwana wawo wamkaziyo kuti avule nsapato, wafika pakhomo pake.

Wamapaipi anatulutsa chifuwa. "Ndi nzeru zanga zimenezo, amayi. Ndinati timanudozi tokha n'topanda ntchito, tiikemo nkhuku, mazira anayi..."

Apo n'kuti mlamu akutulukira m'khitchini pang'onopang'ono, thireyi m'manja, kapu yamaluwa pakati, tsamba la tiyi likuzungulira pamwamba.

"Achemwali, alamu akuti muyambe ndi iyi. Ayichotsa okha pansi pa..."

Wamapaipi anauluka mpando osaukhudza, n'kutseka kapuyo ndi chikhatho.

"Iwe mlamu, sukulu unapitiranji? Nambala thuu! Tayani madzi!"