Telala Akwera Phiri

Loweruka m'mawa telala anatseka shopu yake n'kupita kwa mlamu wake, makanika, atasenza funso la mlongo wake, mkazi wa makanikayo, yemwe anachoka pabanjapo miyezi isanu ndi itatu yapitayo n'kubwerera kwa mayi awo chifukwa cha mowa: kodi bamboyo anasiyadi? Anamupeza pakhonde akumanga zingwe za nsapato, chikwama chili kumsana.

"Alamu, ine si wa nkhani zambiri. Mowa munasiya, eya kapena ayi?"

"Mawu amenewo sindinenanso," anatero makanika osadzutsa mutu. "Ndinawanena kasanu, kasanu konseko linali bodza. Tiyeni mukaone nokha."

"Ndikaone kuti?"

"Kumene ndimapita Loweruka lililonse."

"Loweruka lililonse mumapita ku bala."

"Ndi kale limenelo. Pano ndimapita pamwamba."

"Pamwamba? Yatsegulidwa liti imeneyo?"

"Phiri, alamu! Ilo likuoneka kuseri kwa fakitale."

Telala analiyang'ana phirilo monga amayang'anira kasitomala wonenepa asanamuyeze.

"Mumakatengako chiyani?"

"Palibe."

"Mumakasiyako chiyani?"

"Palibe."

"Aaa! Munthu wamkulu, wandevu zake, kukwera n'kutsika chimanjamanja?"

"Chimanjamanja bwanji? Ndimabwera nditakhuta."

"Mutakhuta!" Telala anaomba m'manja kamodzi. "N'zimene ndimaopa."

"Kukhuta kwa mumtima, inu! Ukafika pamwamba paja mutu umachita kuzungulira, mavuto onse umaiwala."

"Mutu kuzungulira. Kuiwala mavuto." Telala ankapinda zala chimodzichimodzi. "Nanga miyendo?"

"Potsika imanjenjemera."

"Mumagwa?"

"Kawiri katatu."

"Mumaimba?"

"Zikakoma."

"Basi, zakwana. Ndikamuuza mlongo wanga kuti zinthu zafika poipa. Kale mumadikira dzuwa lipendeke, pano mukuyamba m'mamawa."

Makanika anasolola botolo m'chikwama n'kumupatsa. Telala anatsegula, ananunkhiza, analoza botololo kudzuwa.

"Madzi," anatero makanika.

"Sizikununkha kanthu. Zoopsa kwambiri zimakhala zimenezi."

"Ndiye tiyeni mukandigwire nokha."

"Ingonenani kuti eya, ndizipita ine. Ndasiya buluku la mwini wake mwendo umodzi."

"Sindinena."

"Ayi?"

"Sindinanene kuti ayi."

Telala anapuma mozama. Mlongo wake anali atamuuza kuti asabwerere wopanda yankho, ndipo mayi ameneyo ankamudziwa bwino. Anamanga mabatani a jekete lake n'kumutsatira, nsapato zake zosongoka zija zikulira m'miyala.

Asanafike n'komwe pakati, thukuta linali litamunyowetsa mpaka m'masokosi.

"Tatsala pang'ono?"

"Pang'ono."

"Pang'ono wa mamita angati?"

"Osawerenga, alamu. Tamverani mbalamezo."

"Ndazimva. Zikuti chiyani za mamita?"

Anadutsa m'kanjira koterera, telala akugwira udzu, mizu, ngakhale chikwama cha mlamu wake. Atafika pamwamba anangodziponya pamwala, pakamwa pali yasa. Mphepo inamulowa m'malaya. Atatsegula maso anaona tauni yonse ili pansi ngati nsalu yoyala patebulo, misewu ili ngati misoko.

"Mukuona kadenga kofiira kaja, pafupi ndi pokwerera basi?" anafunsa makanika motsitsa mawu. "Bala yanga ija ndi imeneyo."

"Kaja? Kochepa ngati batani?"

"Zaka khumi ndi ziwiri ndinakhala m'kati mwa batani limenelo. Ana anga akula ine ndili mmenemo. Sindinkadziwa kuti kunja n'kwakukulu chonchi. Mwezi watha ndinakwera basi kukaona mathithi, alamu. Ndinakhala tsiku lathunthu ndikungoyang'ana madzi akugwa."

"Akugwera kuti?"

"Pansi."

"Nanga mumayembekezera kuti agwera kuti?"

Makanika anaseka mpaka kutsokomola. Telala sanaseke, komabe maso ake sanachoke pa tauni ija kwa kanthawi. Kenako, poganiza kuti mnzakeyo wayang'ana kumbali, anapisa dzanja m'thumba la m'kati mwa jekete n'kutulutsa kabotolo kophwatalala.

"Chiyani chimenecho, alamu?"

Telala anadzidzimuka.

"Aka? Mankhwala a mawondo."

"Opaka kapena akumwa?"

"Zimatengera kuti bondo lapweteka bwanji."

"Mumayenda nawo tsiku lililonse?"

"Mawondo ndimayendanso nawo tsiku lililonse."

"Ndi chifukwa chake mabuluku a eni ake akumatsala mwendo umodzi?"

"Iii, alamu, musatembenuze nkhani! Wofunsidwa pano ndinu. Ine ndikamuuza chiyani mlongo wanga? Akudikira yankho."

"Yankho ali nalo kale. Katundu wake ndinakatenga Lachinayi, iye akubwera mawa ndi ana."

Telala anamutembenukira, kabotolo kali m'mwamba, chitsekerero chili m'dzanja linalo.

"Mawa? Nanga ine wandivutitsiranji? Nsapato zanga zatha, msana wathyoka. Anandituma kuti ndidzatani kuno?"

Makanika anatambasula dzanja mwaulemu, analandira kabotolo kaja n'kukatseka bwinobwino, ndipo m'malo mwake anamugwiritsa botolo la madzi.

"Sanakutumeni, alamu," anatero. "Anakutumizani kwa ine kuti ndikukonzeni."