Zidindo Ziwiri Kunsi kwa Tipoti ya Batoul

— Halo? A Larbi? Alamu?

— Halo, ndani? Aa, a Zhor! Mtendere ukhale nanu, alamu. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu? Bondo lija?

— Likulimbana ndi zitunda za mumzinda wa Fez muno. Ana ali bwanji? Adzukulu?

— Onse ali bwino, tithokoze Mulungu. Mayi akunyumba?

— Ali pakhonde la padenga, akuyanika zovala. Ukwati wa mwana wa Batoul unayenda bwanji dzulo? Ife tinalephera.

— Ukwati ngati ukwati. Nkhuku zinali zouma gwa.

— Mwayambatu.

— Alamu, mayunitsi ndi ochepa, ndisazungulire. Inu ndi malemu amuna anga Abdeslam munakulira limodzi m'shopu ya bambo anu. Chidindo chanu chinali chotani?

— Mwaiwala kale? Kanyenyezi, m'munsi mwake kakiyi. Thileyi, tipoti, mbale ya shuga, tikamaliza kukutira siliva pamkuwa tinkadinda kunsi.

— Kangati?

— Kamodzi. Bwanji kodi?

— Thileyi yanga ya ukwati ili ndi zidindo ziwiri zogundizana. Tsiku limene Abdeslam anaibweretsa kwathu anati, "China ndine, china ndiwe. Palibe mkazi wina amene ndidzamudindire chonchi."

— Ee, ndikumva.

— Dzulo tiyi atatha ndinalowa kukhitchini kukathandiza kutsuka. Mkazi wa mmisiri ine, chiwiya sindichigwira osachitembenuza. Kutembenuza tipoti ya Batoul, nyenyezi ziwiri, makiyi awiri.

— Halo? Mukudukaduka, alamu...

— Musanamizire netiweki, mwandimva bwinobwino! Batoul yemwe uja ali mtsikana ankakhala moyang'anizana ndi shopu yanu, tsiku lonse ali pawindo ngati alibe ntchito. Pamaliro a Abdeslam analira kuposa ine mwini wake.

— Batoul amalira maliro a aliyense, ngakhale a mphaka.

— Musandiseke. Nsanje ikundidya, chakudya sichikutsika. Munthu ali m'manda, ndikamufunsa bwanji? Ndiuzeni inu, anali chibwenzi chake?

— Ayi.

— Mwayankha msanga kwambiri. Pachibale mumabisirana.

— Mwakhala pansi?

— Nenani.

— Bambo athu anali ndi lamulo. Chiwiya chikalakwika, kaya siliva sanagwire bwino, kaya chikudontha, chinkadindidwa kawiri kuti chisapite kumsika n'kukaipitsa dzina. Amalonda onse ankadziwa. Zoterozo zinkatulukira khomo lakuseri, anansi n'kumatola motchipa. Tipoti imeneyo anagula ndi mayi ake a Batoul. Inakhota mlomo.

— Mukuti zidindo ziwiri...

— Ndi chizindikiro cha cholakwika.

— Ndiye ine zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta chinthu chotaya? Kuonetsa alendo, kudzitama nacho? Anandikwatira ndi zinyalala, n'kundipaka mafuta pakamwa! Bola chikanakhala chibwenzi, alamu.

— Tandilolani ndimalize. Thileyi yanuyo munaipezapo vuto?

— Sindinafufuze.

— Inu? Amene mumatembenuza ziwiya za eni ake paukwati?

— Chabwino. Ilibe.

— Ndipo simudzalipeza. Pa zonse zimene achimwene anazokota, palibe inafikapo. Bambo anali atailonjeza kale kwa mwini hotela wina wa ku Casablanca. Achimwene anapempha kuti ikhale ya mkwatibwi wawo, bambo anakanitsitsa. Tsiku loti munthuyo abwere kudzaitenga, achimwene anangotola chidindo ndi hamala, n'kumenya kachiwiri, bambo akuona. Basi, sikanagulitsikanso.

— Apongozi anatani?

— Mbama, alamu. Inamveka mpaka kwa osula miphika. Sanawalankhulenso mpaka tsiku la ukwati wanu.

— Tsaya lotupa lija... Anandiuza kuti ndi dzino.

— Dzino lake linali la zala zisanu.

— Wabodza uja. Mulungu amuchitire chifundo, wabodza uja.

— Halo? Mukulira?

— Ndi chimfine. Ndiye mwati ya Batoul ndi yolakwikadi? Yeniyeni?

— Imathira cham'mbali.

— Ndimadabwa ine, nsalu ya patebulo madontho okhaokha! Iye akudziwa tanthauzo la zidindozo?

— Sakudziwa, ndipo musayerekeze...

— Ine ndanena kanthu? Lachisanu ndingomuitana adzamwe tiyi. Pathileyi yanga. Abwere ndi tipoti yake, yanga yathimbirira.

— A Zhor, opani Mulungu, mayi uja ndi wa BP!

— Mupereke moni kwa mayi, mayunitsi akutha, bondolo muzilithowa ndi...

— Alamu? Halo? Halo!