Dzino Si Tiyi, Siliphukanso

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, mwina wina angapulumuke. Ndine mayi wothyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo kuno.

Dzino langa lakumbuyo linali ndi kabowo kakang'ono, ndipo linkangondipweteka ndikamwa madzi ozizira. Poopa kuti andizula, ndinapita kwa dokotala wa mano wapulayiveti ku Limbe. Chimene chimandikayikitsa mpaka lero n'chakuti bamboyo sanalijambule n'komwe. Anangosuzumira kamodzi.

"Mayi, apa tichotse mtsempha, tiliseme, tiliveke chipewa," anatero.

"Kungomata kabowoko sizingatheke, adokotala?" ndinafunsa.

"Zimenezo n'zachikale," anayankha, makina ali kale m'manja.

Ndinavomera, poti ife munthu wovala zoyera sititsutsana naye.

Chaka chisanathe, tikupuma masana m'munda, ndinaluma mzimbe, chipewa chija n'kutsalira mumzimbemo. M'kamwa munatsala kachitsa kakuda, kong'aluka pakati. Kuchipatala cha boma analizula, dzino lomwe lija ndinkaopa kuzulitsa. Dokotala wakumeneko sanafune kunyoza mnzake, koma anati dzino lochotsedwa mtsempha silichedwa kusweka, ndipo kabowo kakang'ono nthawi zambiri amangokatsuka n'kukamata.

Mnzanga amene timathyola mzere umodzi, lake anangolimata chotero, ndipo mpaka pano amatafuna chimanga chokazinga ine ndikuona.

Sindikuti madokotala onse ndi otero. Koma wina akafulumira kusema, kafunseni kaye kwina. Ife tinazolowera kuti tiyi tikamudulira mpaka kutsala chitsa, mvula ikagwa amaphuka. Ine dzinja ladutsa kawiri, lilime likupezabe mpata.