Dilesi la malemu pa chidole cha m'shopu

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi, koma dzina langa musalitchule.

Ndinkagulitsa zovala m'shopu ina m'tauni ya Lusaka. Abwana athu, mayi wolankhula mokoma, anayamba ndi kashopu ku Kabwata. Malonda atayenda anatsegula yaikulu m'tauni, n'kusamukira ku Kabulonga, kokhala anthu olemera. Ankatiuza kuti katundu yense amachokera kunja.

Loweruka lina munalowa mayi wina wachikulire. Anaima pa chidole chovala dilesi lobiriwira, anatembenuza mpendero wake, n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, iyi dilesi mwaichosa kuti? Ni ya mwana wanga wamene tinaika chaka chatha. Apa n'nasoka neka. N'napeleka ku chechi kuti bapase bantu bamene manyumba yanagwa na mvula."

Abwana anangoti, "Amai, ngati simugula, chokani."

Kani abwanawo ndiwo ankasonkhanitsa zoperekazo kutchalitchiko, ife n'kumazisita! Ndinavula chidolecho, dilesi n'kupatsa mayiwo. Kuntchitoko sindinabwererenso.

Nkhani inafala m'maminibasi, makasitomala anathawa, shopu inatsekedwa.

Mwezi watha ndinakumana ndi abwana aja pamsika wa Chelstone. Opanda ndi manyazi omwe, anandiuza kuti chinawagwetsa ndi zovala zotchipa za masiku ano.