Tsiku limene ananditcha mfiti pa mpopi wa ku Chinsapo

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine gogo Nasibeko wa ku Chinsapo, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti sindikhulupirira munthu. Makiyi anga amakhala pa mfundo ya chitenje, kapu yanga sindibwereketsa. Koma chaka chatha amene anandipereka ndi mutu wanga womwewu.

Zinayamba ndi kuwotcha pokodza. Sindinauze aliyense, nanga zoterezi ungauze mpongozi? Kenako nkhope ya apongozi angawo, mkazi wa mwana wanga, mayi a Tadala, inayamba kundisinthira. Akandipatsa madzi ndinkaona ngati athiramo tameki, ndiye ndinkakawataya kuseri kwa nyumba. Ndinakhala masiku angati osamwa, sindikudziwa.

Chomwe ndikukumbukira n'choti ndinapezeka pa mpopi wogulitsa madzi, dzuwa lili paliwombo, chitenje chili m'manja m'malo mwa m'chiuno. Akuti ndinkafunsa njira ya kwathu ku Ntcheu. Anthu anandizinga. Wina anakuwa kuti, "Yagwa pa lichero iyi!" Ndinaona miyala m'manja mwa anthu oti ndimapemphera nawo. Pemphero lonse linandithawa, ndinangotsala ndi dzina la Yesu lokha.

Amene anang'amba gulu lija ndi Nachisale, neba wanga amene tinatha zaka osapatsana moni chifukwa cha ngalande ya madzi a kubafa. Amagwira ntchito yokolopa kuchipatala. Anandifunditsa chitenje chake n'kundigwira pamphumi.

"Mfiti yake iti yotentha thupi chonchi? Agogowa akudwala, pezani galimoto!"

Nditatsitsimuka adokotala anandifotokozera. Akuti matenda anali m'chikhodzodzo, koma munthu akakalamba asilikali a m'thupi sadziwanso polekezera nkhondo. Moto wawo umakafika mpaka mu ubongo, nzeru n'kusokonekera, ndipo kusamwa madzi kuja kunangokolezera. Mpaka lero sindimvetsa kuti za kumunsi zimakafika bwanji kumutu. Masiku oyamba a m'chipatala sindiwakumbukira n'komwe. Akuti amene ankandisambitsa ndi apongozi omwewo, ine ndikuwatukwana.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumira chipulumutso kudzera mwa anthu awiri amene ndinkawatsekera chitseko. Abale anga, nkhalamba yanu ikayamba kubwebweta mwadzidzidzi, musathamangire miyala, thamangirani nayo kuchipatala, ndipo musatope nayo.

Makiyi ndimamangabe pa chitenje, sindinama. Koma mayi a Tadala akandipatsa madzi ndimamwa mpaka kapu iume, iwo akuona.